"Jump the gun": mfuti yake ndi iti, ndipo woilumpha walakwa chiyani?

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe anayamba ntchito chaka chatha ku bungwe lina mumzinda wa Lilongwe, anandiimbira foni madzulo ena mawu ake akunjenjemera.

"Amalume, abwana andilembera uthenga koma sindikuumva. Muli mawu a mfuti."

Ndinamuuza kuti andiwerengere. Uthengawo unali waufupi: "I think we jumped the gun on this one. Let's talk tomorrow." Mtsikanayu Chingerezi amachidziwa, mayeso a fomu 4 anakhoza bwino, ndipo liwu lililonse la mu uthengawo palokha ankalimva. "Jump" ndi kulumpha, "gun" ndi mfuti. Koma atawalumikiza kunatuluka kulumpha mfuti, chinthu chopanda mutu, ndipo mtima wake unathamangira ku chinthu chimodzi chokha, choti ntchito yatha.

Nditamufunsa chomwe chinachitika ku ofesi, anandiuza kuti anatumiza makalata oitanira anthu ku msonkhano. Tsiku linali loona, malo anali oona, mayina a oitanidwa sanaphonye ngakhale limodzi. Vuto linali lakuti ndalama zoyendetsera msonkhanowo zinali zisanavomerezedwe ndi akuluakulu. Apo ndinamuuza kuti akhazike mtima pansi, chifukwa abwanawo sanali kunena kuti wachita chinthu choipa. Ankanena kuti chinthu choyenera chachitika nthawi yake isanakwane.

Mawu amenewa ndi chining'a, ndipo ife zining'a sitiyenera kuzidabwa chifukwa Chichewa chathu n'chodzaza nazo. Tikati wakuti anamutsina khutu, palibe amayang'ana ngati khutulo latupa. Tikati wapsa mtima, palibe amathamangira madzi. Mlendo wophunzira Chichewa atamva mawu amenewa angazunguzike mutu monga momwe anazunguzikira mwana wa mchemwali wangayu. Chining'a chilichonse chili ndi chithunzi kumbuyo kwake, ndipo ukachiona chithunzicho, tanthauzo silikuthawanso. Chithunzi cha "jump the gun" chili pabwalo la mpikisano wa liwiro.

Tiyeni tiime pambali pa bwalo pomwe pali mpikisano wa mamita 100. Othamanga asanu ndi atatu aima kumbuyo kwa mzere, aliyense m'kanjira kake. Woyambitsa mpikisano akuti "On your marks", iwo akugwada, mapazi akuponda pa tizitsulo tokhazikika pansi tomwe amakankhirapo ponyamuka, zala zili pamzere. Akuti "Set", onse akudzutsa chiuno, thupi litakungika ngati uta. Kenaka bwalo lonse lili zii. Kachete kameneka ndi kakafupi, koma kwa wothamanga n'kautali ngati usiku wa maliro. Ndiye mfuti ikulira, phuu, anthu n'kuliyatsa liwiro. Mfutiyo ilibe chipolopolo, ntchito yake ndi phokoso basi, ndipo masiku ano pa mipikisano ikuluikulu ndi kachipangizo ka magetsi komwe kamatumiza phokosolo ku timasipika toikidwa kumbuyo kwa wothamanga aliyense, kuti onse alimve nthawi imodzi. Amene wanyamuka mfutiyo isanalire, ndiye amene Angerezi amati "he jumped the gun".

Apa "jump" sakutanthauza kulumpha kwa chule. M'Chingerezi liwuli lili ndi tanthauzo linanso, la kutsogola pomwe umayenera kudikira. Munthu wolowerera kutsogolo pamzere wa kubanki amati "he jumped the queue". Dalaivala wodutsa maloboti akadali ofiira amati "he jumped the lights". Pamzere pali anthu oti uwadikire, pa maloboti pali nyali yobiriwira yoti uidikire, pabwalo pali mfuti. Konseku pali chizindikiro chomwe sichili m'manja mwako, ndipo iwe wanyamuka chisanaperekedwe.

Chining'achi chinabadwira ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anthu a masewera kumeneko ankakonda kunena kuti "beat the pistol", ndiye kuti kuitsogolera mfuti. Pang'ono ndi pang'ono "jump the gun" ndi amene anakhazikika, ndipo pofika zaka za m'ma 1940 anali atatuluka kale m'bwalo la masewera n'kulowa m'kamwa mwa amalonda, andale ndi atolankhani.

Kuti timve kulemera kwa mawuwa, tione zomwe zimachitikira wothamanga wonyamuka msanga, chifukwa lamulo lake lakhala likuumitsidwa. Chaka cha 2003 chisanafike, wothamanga aliyense ankakhululukidwa kamodzi, akabwereza ndiye ankachotsedwa. Izi ndi zomwe zinagwera Linford Christie wa ku Britain pa masewera a Olympics a 1996 ku Atlanta. Iyeyu ndi amene anapambana mamita 100 ku Barcelona mu 1992, ndipo anabwera kudzateteza ulemu wake. Ananyamuka msanga kawiri mu mpikisano womaliza, anamuchotsa, ndipo kwa mphindi zingapo anakana kutuluka m'bwalo. Atachoka, Donovan Bailey wa ku Canada anapambana pa masekondi 9.84, Frankie Fredericks wa ku Namibia n'kukhala wachiwiri. Kuyambira 2003, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa IAAF koma tsopano ndi World Athletics, linasintha lamulolo. Kulakwa koyamba kunkawerengedwa kuti ndi kwa onse, ndipo aliyense wolakwa pambuyo pake ankachotsedwa ngakhale kutakhala kuyamba kwa iyeyo. Lamuloli linali ndi mpata woti wina anyamuke msanga mwadala pofuna kusokoneza anzake, podziwa kuti koyambako salangidwa. Choncho kuyambira mu 2010 anatseka mpatawo: ukanyamuka msanga kamodzi kokha, watuluka.

Amene lamuloli linamuluma dziko lonse likuonerera ndi Usain Bolt wa ku Jamaica. Mu Ogasiti 2011, mumzinda wa Daegu ku South Korea, Bolt anafika pa mpikisano womaliza wa mamita 100 ali munthu wothamanga kwambiri kuposa aliyense, mwini wake wa masekondi 9.58 omwe anathamanga ku Berlin mu 2009. Panalibe woganiza kuti wina angamupose. Mfuti isanalire, Bolt anali atanyamuka kale. Sanadikire n'komwe kuti amuuze. Anavula malaya ake othamangira pomwepo, n'kuchoka akupukusa mutu. Mnzake wa ku Jamaica komweko, Yohan Blake, ndi amene anatenga mendulo ya golide pa masekondi 9.92. Liwiro Bolt anali nalo, mphamvu anali nazo, kukonzeka anakonzeka zaka. Chomwe chinamugwetsa ndi kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso.

Koma mbali ya lamuloli yomwe ine imandiphunzitsa kwambiri za chining'achi ndi ina, yomwe ambiri saidziwa. Wothamanga atha kuchotsedwa ngakhale atanyamuka mfuti italira kale. Tizitsulo tija amapondapo tili ndi zipangizo zoyeza nthawi yomwe phazi layamba kukankha. Lamulo limati amene wakankha pasanathe masekondi 0.1 kuchokera pomwe mfuti yalira, ameneyo wanyamuka msanga. Maganizo ake ndi akuti khutu limve phokoso, uthenga ufike ku ubongo, ubongo ulamule mwendo, zonsezi sizingatheke m'kanthawi kochepa kuposa pamenepo. Ndiye ngati wanyamuka pa 0.09, sunamve mfuti ayi, unangoilosera. Mu Julaye 2022, pa mpikisano wa dziko lonse ku Eugene m'chigawo cha Oregon, Devon Allen wa ku America anachotsedwa mu mpikisano womaliza wa mamita 110 wolumpha zotchinga chifukwa ananyamuka pa 0.099. Anaperewera ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, pabwalo lomwe ankathamangapo ali ku yunivesite. Anthu ambiri anadandaula, ndipo mpaka pano alipo otsutsa kuti malire a 0.1 ndi okhwima kwambiri. Ine ndili mbali yawo, chifukwa kumulanda munthu ntchito ya zaka zinayi kapena zisanu pa kusiyana komwe diso silingaone n'kowawa. Komabe mfundo ya lamuloli ndi yomwe ili pakatikati pa chining'a chathu. Munthu amene "jumped the gun" wachita chinthu potengera zomwe akuyembekezera, osati zomwe zatsimikizika.

Atolankhani ali ndi chitsanzo chawo chomwe saiwala. Pa chisankho cha pulezidenti wa America cha pa 2 Novembala 1948, pafupifupi aliyense ankakhulupirira kuti Thomas Dewey agonjetsa Harry Truman. Nyuzipepala ya Chicago Daily Tribune, yomwe inkayenera kusindikizidwa msanga chifukwa ogwira ntchito ku makina osindikizira anali pa sitalaka, inalemba mutu waukulu pa tsamba loyamba wakuti "Dewey Defeats Truman". Mavoti atawerengedwa onse, wopambana anali Truman. Pali chithunzi chotchuka chomwe Truman wanyamula nyuzipepalayo m'mwamba pa siteshoni ya sitima ku St. Louis, akumwetulira mano onse panja. Kulemba za wopambana chisankho ndi ntchito ya nyuzipepala, ndipo palibe angaidzudzule pa icho. Inalakwa polemba owerenga mavoti asanamalize.

Kwathu kuno chithunzi choyandikira kwambiri ndi cha chizimalupsa. Mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, tchire lapsa, kenaka tsiku lina mitambo yachita bii, mvula n'kugwa, fungo la dothi lonyowa n'kudzaza mudzi wonse. Mlimi wosaugwira mtima amatenga mbewu yake, yogula ndi ndalama zovuta kupeza, n'kukadzala. Chimanga chimamera bwinobwino, kenaka kumabwera ng'amba ya milungu iwiri kapena itatu, timbewu tija n'kufota m'mizere. Mlimi ameneyu si waulesi, ndiponso kudzala si tchimo. Anangoyesa kuti mvula yozimitsa lupsa ndi mvula yodzalira. Mngerezi ataona munda umenewo anganene kuti mwini wake "jumped the gun". Chimodzimodzi mnyamata wolengeza pa Facebook tsiku la ukwati ankhoswe a mbali ziwiri asanakhale pansi, kapena munthu woika uthenga wa maliro pa gulu la WhatsApp ana a malemu omwe ali kutali asanauzidwe ndi akubanja. Chachiwirichi chikuchitika kawirikawiri masiku ano, ndipo chimapweteka mitima kwambiri. Uthengawo ndi woona, koma panali anthu oyenera kuyamba kulankhula.

Pachifukwa ichi sindikhutira ndikaona ophunzira akungoloweza kuti "jump the gun" ndi kupupuluma. Si bodza, koma kupupuluma ndi dengu lalikulu lomwe Chingerezi chimaligawa m'timadengu tingapo, ndipo wosadziwa kusiyana kwake amatola chining'a cholakwika. Ambiri tinaphunzira zining'a za Chingerezi pa ndandanda, mbali ino chining'a, mbali inayo tanthauzo, n'kuloweza usiku woti mawa mayeso. Zotere zimatha kukhozetsa mayeso, koma tsiku lomwe abwana akulembera uthenga, ndandanda uja umakhala utauluka.

Taonani abale ake a chining'achi. Munthu akangodzuka n'kuganiza zokwera basi kupita kunyanja osakonzekera, Angerezi amati wachita "on the spur of the moment". "Spur" ndi kachitsulo komwe wokwera hatchi amamangirira ku chidendene cha nsapato, komwe amabayira nako hatchiyo kuti ifulumire. Apa nthawi yomweyo ndi imene yamubaya munthu. Palibe chizindikiro chomwe amayenera kudikira, ndipo nthawi zambiri mawuwa sadzudzula, atha kunena za ulendo womwe unakoma kwambiri. Munthu akapsa mtima mwadzidzidzi n'kuyamba kukalipa, amati "he flew off the handle". Ichi aliyense wogwirapo nkhwangwa achimva msanga: ukudula mtengo, nkhwangwa yaguluka pa mpini, yauluka, ndipo sudziwa komwe ikagwere kapena yemwe imuteme. Ndi chining'a cha mkwiyo, chosakhudzana ndi nthawi. "Shoot from the hip" ndi kuwombera mfuti ili m'chiuno osayamba waloza bwino, ndipo amanenera munthu woyankha msanga osaganiza, ngakhale ena amawagwiritsa ntchito poyamikira munthu wosazungulira polankhula. "Jump to conclusions" ndi kugamula mlandu m'mutu umboni usanakwane, monga kuona mwamuna wa mnzako ataima ndi mkazi wina pamsika n'kuthamangira kuti ndi chibwenzi. Ichi chimachitikira m'maganizo, pomwe "jump the gun" nthawi zambiri pamakhala chinthu chomwe chachitidwa kapena kunenedwa poyera.

Palinso "go off half-cocked", chomwe chikufanana kwambiri ndi chathuchi koma mfuti yake ndi ina. Mfuti zakale, zamtundu wa gogodela, zinali ndi kachitsulo komenyetsa moto komwe ukakakokera theka kankakhala kotsekeka kuti mfuti isalire mwangozi. Mfuti yolira kachitsuloko kali pa theka inali italira mwini wake asanakonzeke. Choncho munthu amene "went off half-cocked" ndi amene wayamba chinthu iye mwini asanakonzeke mokwanira. Kusiyana kwake n'kumeneku. Bolt anali wokonzeka kotheratu, chomwe chinali chisanakwane ndi nthawi. Mwana wa mchemwali wanga uja makalata ake anali olembedwa bwino, chomwe chinali chisanafike ndi chilolezo.

Miyambi yathu nayo imayandikira koma siigwa ndendende. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndi malangizo a kuleza mtima pa chilichonse. Kuthamanga sikufika akunena za changu chopanda phindu. Liwiro la mumchenga mumayambira limodzi, ngakhale uli mwambi wa mpikisano, umachenjeza wotsalira, pomwe chining'a cha Chingerezichi chikudzudzula wotsogola. Pomasulira, ine ndimasankha mawu wamba malinga ndi nkhani yake: wafulumira, wathamangira kulengeza, wayamba nthawi isanakwane, sanadikire chilolezo.

Kagwiritsidwe ntchito kake sikovuta, koma pali malo omwe ophunzira amapunthwa. Liwu lomwe limasintha ndi "jump" lokha: "she jumped the gun", "they are jumping the gun", "don't jump the gun". Mbali ya "the gun" siisintha. Sunganene "jump a gun" kapena "jump the guns", ndipo ukawonjezera "over" n'kunena kuti "jump over the gun", wabwerera ku kulumpha kwenikweni, ngati kuti mfuti yagona pansi iwe n'kuidumpha. Pofuna kutchula nkhani yomwe munthu wafulumirapo, amaika "on", monga "we jumped the gun on the invitations". Mawuwa ndi omasuka, amamveka m'maofesi, m'nyuzipepala ndi pocheza, koma m'kalata yofunsira ntchito kapena m'chikalata cha boma ndi bwino kulemba "acted prematurely" kapena "acted too soon".

Nkhani ya ulemu ndiyofunika kuisamala. Kuuza munthu wamkulu kapena bwana wako kuti "you jumped the gun" ndi kumudzudzula pamaso, ngakhale chidzudzulocho chili chofewa. Eni chilankhulochi amakonda kuchitembenuzira kwa iwo eni ngati njira yopepesera pasadakhale. Munthu amati "I may be jumping the gun, but…" kapena "I don't want to jump the gun", zomwe zikufanana ndi momwe ife timayambira kuti mwina ndafulumira, koma ndimati ndifunse nawo. Pa uthenga wa abwana aja ndinamuonetsa mwanayu kaliwu kamodzi komwe mantha anamubisira. Sanalembe kuti "you", analemba kuti "we". Anadziika okha m'kati mwa cholakwacho, pomwe makalata anatumiza ndi iyeyo. Bwana wofuna kuchotsa munthu ntchito salemba choncho.

Chodabwitsa n'chakuti chining'a chomasuka chonchi chinalowa mpaka m'chilankhulo cha maloya. Pa malamulo a mpikisano wa malonda, "gun-jumping" ndi mlandu weniweni. Kampani yaikulu ikafuna kugula inzake, m'maiko ambiri imayenera kudziwitsa bungwe loyang'anira mpikisano wa malonda ndi kudikira chilolezo. Ikayamba kuyendetsa kampani inayo chilolezo chisanatuluke, yalumpha mfuti ija. Mu 2018, European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, inalamula kampani ya zamafoni ya Altice kuti ilipire chindapusa cha mayuro 124.5 miliyoni chifukwa inayamba kulowerera pa kayendetsedwe ka kampani inzake ya PT Portugal isanaloledwe kuigula. Chilolezocho chinali chitaperekedwa kale mu 2015, koma chindapusa chinabwerabe, popeza mlandu unali wa kusadikira.

Usiku womwewo mwana wa mchemwali wanga anandifunsa kuti ayankhe chiyani. Tinagwirizana kuti asadzikhululukire ndi mawu ambiri. Analemba kuti: "You're right, I sent them too early. I'll let everyone know the date is not yet confirmed." M'mawa mwake anakambirana ndi abwana ake kwa mphindi zochepa, n'kulembera oitanidwa onse kuti adikire kaye uthenga wina. Ndalama zinavomerezedwa patapita milungu iwiri, ndipo makalata omwe aja anawatumizanso atangosintha tsiku.